NTHENDA YA SHUGA IMAODIRA ISANALOWE: TIIDZIWE IKADALI PAKHONDE

Pakati pa nthenda zimene zikusautsa anthu m'dziko muno masiku ano pali imodzi imene makolo athu sankaimva kawirikawiri, koma lero palibe mudzi kapena lokesheni kumene dzina lake silidziwika. Imeneyi ndiyo nthenda ya shuga. Ambiri amaiyesa nthenda ya anthu achuma a m'tauni, ena amati ndi tsoka longogwa ngati mphezi, ndipo enanso amathamangira kunena kuti wodwalayo walodzedwa. Koma madokotala amene aifufuza kwa zaka zambiri akutiuza mawu amene munthu aliyense ayenera kuwasunga: nthendayi kawirikawiri siigwera munthu modzidzimutsa. Imadza pang'onopang'ono, ndipo imatha kuima pakhonde zaka zingapo isanalowe m'nyumba. Munthu amene waizindikira ikadali pakhondepo angathe kuibweza, kapena kuichedwetsa, ndi zinthu zimene ali nazo kale, ndizo chakudya cha m'munda mwake ndi miyendo yake iwiri.

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, likunena kuti m'chaka cha 1990 anthu odwala shuga anali pafupifupi 200 miliyoni, koma pofika 2022 anali atakwana 830 miliyoni. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera kufika pa mlingo wa nthenda.

Pakati pa 2013 ndi 2016 ofufuza ena anayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 m'midzi ya ku Karonga ndi ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe. Iwo anapeza chiwerengero chocheperapo, anthu 2 pa 100 kumudzi ndi 3 pa 100 m'tauni, koma anatulukira zinthu ziwiri zodetsa nkhawa. Choyamba, mwa anthu 100 alionse opezeka ndi nthendayi, 41 sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Chachiwiri, mwa amayi 100 alionse a m'tauni, 44 anali onenepa kupitirira muyeso. Ndiye kuti pambuyo pa odwala amene tikuwaona lero pali khamu lalikulu limene laima pamzere.

MMENE IMAYAMBIRA M'THUPI

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mtanda wa nsima. Nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata zikafika m'matumbo zimagayika ndi kusanduka shuga, ngakhale kuti zina mwa izo sizitsekemera pakamwa. Shugayo amalowa m'magazi, ndipo magazi amamunyamula kunka naye ku minofu ndi ku ziwalo zonse, kumene amagwira ntchito monga nkhuni pamoto. Koma iye sangalowe yekha m'minofumo. Kumbuyo kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa kapamba, chimene chimatulutsa timadzi totchedwa insulini. Insulini ali ngati mthenga wa mfumu woperekeza alendo: amayenda khomo ndi khomo kuodira, ndipo eni nyumba akamva mawu ake amatsekula kuti shuga alowe.

Tsono munthu akamadya zoposa zimene thupi lake likugwiritsa ntchito, nakhala wosayendayenda, mafuta amaunjikana m'mimba ndi m'chiwindi. Pamenepo minofu imayamba kugontha. Mthenga aodira kamodzi, kawiri, koma woyankha palibe. Kapamba amatumiza amithenga ochuluka kuti makomo atsekukebe, ndipo kwa zaka zingapo zonse zimaoneka ngati zili bwino. Imeneyi ndiyo nthawi ya pakhonde: shuga wakwera pang'ono kuposa muyeso wake, koma sanafike pa mlingo wa nthenda, ndipo munthu samva kuwawa kulikonse. Potsiriza kapamba amatopa, shuga amasefukira m'magazi, ndipo nthenda yalowa m'nyumba.

Ikalowa, imadya mitsempha mwakachetechete monga chiswe chimadyera nsichi, kunja kukuoneka bwino pamene m'kati mwatha. Maso amachita khungu. Impso zimaleka kusefa magazi. Mapazi amachita dzanzi kotero kuti munthu aponda munga kapena khala la moto osamva, chilonda chikana kupola, mpaka mwendo udulidwa. Nthenda ya mtima ndi kufa kwa ziwalo zimatsatira, ndiponso wodwala shuga amagwidwa ndi chifuwa chachikulu mosavuta, kawiri kapena katatu kuposa mnzake.

Zimene tafotokozazi ndi za mtundu wachiwiri wa nthendayi, umene umagwira odwala oposa 90 pa 100 alionse. Ulipo mtundu woyamba, umene umakonda kugwira ana ndi achinyamata. Umenewo umadza mofulumira chifukwa kapamba waleka kutulutsa insulini, ndipo palibe chakudya kapena chitsamba chimene chingauletse. Mwana wotere amakhala ndi moyo chifukwa cha jakisoni wa insulini, amene Frederick Banting ndi Charles Best anatulukira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921. Makolo a mwana wotere asadziimbe mlandu, ndipo asayese kusiya jakisoniyo ngakhale tsiku limodzi.

ZIZINDIKIRO ZIMADZA MOCHEDWA

Kalekale asing'anga a ku India anaona kuti nyerere zimaunjirira pamene anthu ena ataya madzi, ndipo anatcha nthendayi dzina lotanthauza mkodzo wa uchi. Kwathu kunonso ambiri amachidziwa chizindikiro chimenechi. Zina ndi izi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda pamene munthu akudya bwino, kutopa kosadziwika chifukwa chake, kuona mwachimbuuzi, zithupsa zobwerezabwereza, zilonda zochedwa kupola, kuyabwa kumalo obisika, ndipo kwa abambo kuchepa mphamvu m'banja.

Amene waona zimenezi apite kuchipatala msanga. Koma tidziwe kuti impso siziyamba kutaya shuga m'mkodzo kufikira atachuluka zedi m'magazi. Chotero nyerere zikafika, mlendo uja walowa kale ndipo wakhala pampando. Munthu wanzeru sadikira nyerere. Amadzifunsa yekha ngati ali m'gulu la anthu amene nthendayi imakonda kuwayendera.

NDANI AMENE ALI PAFUPI NAYO?

Woyamba ndi munthu amene mayi wake, bambo wake kapena mbale wake wa bere limodzi anadwala shuga, pakuti nthendayi imatsata mtundu. Wachiwiri ndi amene zaka zake zafika 40, ngakhale kuti masiku ano ikupezekanso mwa anthu ocheperapo. Wachitatu ndi mayi amene shuga wake anakwera pamene anali woyembekezera, kapena amene anabereka mwana wolemera kuposa makilogalamu 4. Wachinayi ndi amene ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, pakuti ziwirizi zimayenda pamodzi ngati mapasa. Wachisanu ndi wosuta fodya. Palinso chizindikiro china cha pakhungu chimene ambiri sachidziwa: khungu la kumbuyo kwa khosi kapena la m'khwapa limada ndi kukhuthala, looneka ngati litsiro koma losachoka ndi sopo. Kawirikawiri chimenechi chimasonyeza kuti minofu yayamba kugontha.

Koma chachikulu pa zonse ndi mimba. Mafuta oopsa koposa si a m'ntchafu kapena a m'mikono ayi, koma ozungulira matumbo ndi chiwindi. Njira yodziyezera ilipo yosalira ndalama. Tengani chingwe, muchiyeze kuchokera pamutu kufika kuphazi, muchipinde pakati, ndipo muchizunguze m'mimba mwanu pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga ziwirizo zikulephera kukumana, ndiye kuti mimba yakula kuposa theka la msinkhu wanu, ndipo nthawi yochitapo kanthu yakwana.

Apa mpamene mwambo wathu ndi nzeru za chipatala zimasemphana. Ife tinazolowera kuona kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere. Mayi akanenepa timati bambo akumusamala, ndipo bambo akaphuka mimba timati ntchito yamuyanja. Wina akayamba kuchepa thupi, anthu amanong'onezana kuti akudwala, kotero kuti ambiri amaopa kuchepetsa thupi chifukwa cha pakamwa pa anzawo. Maganizo amenewa anali ndi malo ake pa nthawi ya njala ndi miliri, koma lero akupereka anthu ku nthenda. Komabe woonda asadzitame, pakuti madokotala aona kuti mu Africa muno ambiri amadwala shuga asali onenepa konse. Chifukwa chake chotsimikiza ndi kuyezetsa basi.

KUYEZETSA MAGAZI

Ntchito yake ndi yaing'ono. Munthu amapita kuchipatala m'mawa asanadye kapena kumwa china chilichonse kupatula madzi, patapita maola osachepera 8 chidyereni. Amamubaya pang'ono pachala, ndipo kadontho ka magazi kamaikidwa pa kamakina kamene kamaonetsa nambala nthawi yomweyo. Makina alipo a mawerengedwe awiri. Pa ena nambala ya nthenda ndi 126 kapena kuposa, ndipo pa ena ndi 7.0 kapena kuposa. Nambala ya pakati pa 110 ndi 125, kapena pakati pa 6.1 ndi 6.9, ndiyo ya pakhonde paja. Adokotala amayezanso kachiwiri tsiku lina asanagamule. Zipatala za m'maboma ndi zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona odwala shuga, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuuzeni kumene mungayezetse pafupi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani.

UMBONI WAKUTI INGABWEZEDWE

Wina angafunse kuti, kodi pali umboni wakuti kusintha kadyedwe ndi kuyendayenda kumathandizadi, kapena ndi mawu chabe a anthu ophunzira? Umboni ulipo, ndipo unachokera m'maiko atatu otalikirana.

Mu 1986, mu mzinda wa Da Qing ku China, madokotala anatenga anthu 577 amene shuga wawo anali wa pakhonde. Ena anawalangiza za chakudya, ena za kulimbitsa thupi, ena zonse ziwiri, ndipo ena anawasiya monga analili. Patapita zaka 6, chiopsezo chodwala chinali chitatsika ndi 31 pa 100 mwa olangizidwa za chakudya, ndi 46 pa 100 mwa olimbitsa thupi, ndiponso ndi 42 pa 100 mwa ochita zonse ziwiri. Ofufuza anawatsatirabe anthuwo kwa zaka 30, ndipo anapeza kuti olangizidwa aja anachedwa kudwala ndi zaka pafupifupi 4, ndiponso nthenda za mtima zinali zocheperapo pakati pawo.

Ku Finland, zotsatira za kafukufuku wa anthu 522 zinatuluka mu 2001, zosonyeza kuti chiopsezo chinatsika ndi 58 pa 100. Chaka chotsatira, mu 2002, ku America kunatuluka zotsatira za anthu 3,234. Kumeneko gulu lina linapatsidwa mapiritsi a metformin, ndipo gulu lina linauzidwa kuchepetsa kulemera kwa thupi ndi magawo 7 pa 100 ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Mapiritsi anatsitsa chiopsezo ndi 31 pa 100, koma chakudya ndi miyendo zinachitsitsa ndi 58 pa 100. Mwa anthu a zaka 60 ndi kuposa chinatsika ndi 71 pa 100, kusonyeza kuti ukalamba si chifukwa chotayira mtima.

Taonani kuchepa kwa chimene chinafunika. Munthu wolemera makilogalamu 80 anangofunika kutaya makilogalamu 5 kapena 6. Sanauzidwe kuti aonde ngati bango ayi.

MANKHWALA ALI M'MBALE

Mwayi wathu ndi wakuti zakudya zimene madokotala akuyamikira ndi zomwe zija tinayamba kuzinyoza kuti ndi za amphawi. Popanga ufa woyera timakonola chimanga, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenaka kugayitsa. Gaga ndi mtima wa chimanga timapatsa nkhuku ndi nkhumba, ife n'kutsala ndi ufa wopanda zimenezi. Mgaiwa umasunga gaga, amene amakhalitsa m'mimba. Mapira ndi mawere osakonola nazonso n'zabwino.

Komabe mgaiwa nawonso ndi nsima, ndipo ukachuluka umakweza shuga. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha angadye mitanda itatu thupi lake n'kuiwotcha yonse, koma kalaliki amene wakhala pampando tsiku lonse sayenera kupikisana naye. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba, dzira kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo likhale nsima, yaikulu ngati chibakera cha mwini wake. Ife tinazolowera kuti ndiwo ndi zongopititsira nsima. Tsopano titembenuze, nsima ikhale yoperekeza ndiwo.

Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zimakhutitsa popanda kukweza shuga msanga. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, luni, chigwada ndi therere zimamera pafupi ndi khomo, zina popanda wozibzala. Usipa, matemba ndi utaka zimaposa nyama yonona. Masamba otendera ndi nsinjiro amaposa osambira m'mafuta. Magwafa, mapapaya, masuku, masawu ndi malambe tidye monga Mlengi anazipangira, osati kuzifinya ndi kuthiramo shuga. Mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi cha pachiwaya zikhale za apo ndi apo, osati za tsiku ndi tsiku.

ZAKUMWA

Shuga wambiri amalowa m'thupi kudzera m'kapu. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, kumene kwa munthu wamkulu kuli ngati masupuni a tiyi 12, ndipo linati n'kwabwino koposa kutsikira pa masupuni 6. Tsono werengani nokha. Makapu atatu a tiyi, iliyonse ya masupuni 4, akwanitsa kale 12. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezani thobwa lothira shuga ndi phala la m'mawa, ndipo muona kuti muyeso wapitirira dzuwa lisanafike pamutu. Uchi, madzi a nzimbe ndi shuga wofiira, thupi limazilandira monga shuga yemweyo. Mowa nawonso umakuza mimba ndi kulemetsa chiwindi.

Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sitikunena kuti musiye zonse tsiku limodzi. Chotsani supuni imodzi sabata ino, ina sabata ya mawa. Lilime limazolowera, ndipo pakapita nthawi tiyi wa masupuni 4 uja mudzamuona ngati manyuchi. Ludzu lithetsedwe ndi madzi.

MIYENDO NDI TULO

Pali chinthu chodabwitsa m'kapangidwe ka thupi: minofu ikamagwira ntchito imatsekula makomo yokha, osadikira mthenga uja, ndipo imakoka shuga kuchoka m'magazi. N'chifukwa chake kuyenda kuli mankhwala enieni. Mphindi 150 pa sabata ndi theka la ola pa tsiku kwa masiku asanu. Kuyenda kwake kukhale kwa ndawala, koti munthu angathe kulankhula koma osatha kuimba. Kuyenda pang'ono mutangotha kudya kumathandizanso kwambiri.

Kumudzi kulima, kusinja, kutunga madzi ndi kupalasa njinga zimagwira kale ntchito imeneyi. Vuto lili m'tauni, kumene minibasi, kabaza ndi mpando wa mu ofesi zalanda ntchito ya miyendo. Tsikani basi isanafike pakhomo ndipo mutsirize ulendo wapansi. Limani kadimba kuseri kwa nyumba, kamene kadzakupatsani masamba ndi thukuta pamodzi. Magule athu monga chimtali, malipenga ndi beni ndi kulimbitsa thupi kumene makolo ankachita akusangalala. Munthu wamkulu agonenso maola osachepera 7, pakuti kusowa tulo kumasokoneza ntchito ya insulini. Wosuta fodya aleke.

NANGA ZITSAMBA?

M'misika ndi m'mabasi mwadzaza ogulitsa mabotolo ndi maufa amene akuti amachiza shuga kotheratu. Sitikunyoza zomera. Mapiritsi a metformin amene, omwe madokotala amapereka koposa ena onse, chiyambi chake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo dokotala wa ku France, Jean Sterne, ndiye anasonyeza ntchito yake pa odwala shuga mu 1957. Koma kusiyana kwake ndi kwakuti mankhwalawo anayesedwa, mlingo wake unadziwika, ndipo kuipa kwake kunalembedwa. Za m'botolo la pamsika palibe amene akudziwa mphamvu yake, ndipo zina zimawononga impso ndi chiwindi, ziwalo zomwe zija nthendayi ikuzisautsa kale.

Chammwamba ndi ndiwo yabwino, ndipo chidyedwe monga ndiwo. Koma palibe chitsamba chimene chatsimikizidwa kuti chimachiza shuga, kaya chikhale chowawa chotani. Amene adokotala anamuyambitsa mapiritsi kapena jakisoni asasiye chifukwa cha mawu a wamalonda. Chakudya chabwino ndi kuyenda zimathandizana ndi mankhwala a chipatala, ndipo ngati mlingo uyenera kutsika, autsitse ndi adokotala atayeza magazi.

NTCHITO YA TONSE

Nkhondo imeneyi siingamenyedwe ndi munthu mmodzi payekha, pakuti m'nyumba mphika ndi umodzi. Bambo sangasinthe kadyedwe ngati mayi ndi ana akumuseka, ndipo mayi sangaphike mgaiwa ngati bambo akukankha mbale. Banja lonse lisinthire pamodzi, makamaka chifukwa cha ana, amene tikuwazoloweza zotsekemera asanamere mano. M'mera mpoyamba. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, aphunzitsi ndi olemba anthu ntchito ali ndi mpata wolankhula za nkhaniyi ndi kuitana a zaumoyo kudzayeza anthu awo. Ndipo tonse tileke kunong'oneza mnzathu amene wachepetsa thupi mwadala.

Chaka chilichonse pa 14 November, tsiku limene Frederick Banting anabadwa, maiko amakumbukira nthenda ya shuga. Koma awerengi athu asadikire tsiku limenelo. Chingwe chili m'nyumba, ndipo chipatala chimatsekula m'mawa. Amene ali ndi mbale wodwala shuga, amene wafika zaka 40, ndi amene nsonga za chingwe chake zakana kukumana, apite akayezetse mwezi uno, atengenso mkazi wake kapena mwamuna wake.